Galu ndi wanu, jardim ndi ya tonse

Owerenga, funso la lero likuoneka laling'ono: kodi munthu ali ndi ufulu woyenda ndi galu wake mu jardim ya tawuni, munda uja wa mitengo ndi mabenchi umene ena amautcha paki? Musalipeputse. M'kati mwake muli ufulu wa nzika, thanzi la ana, chipembedzo cha mnansi wanu ndi udindo wa Município. Maganizo anga ndi awa: galu asaletsedwe kulowa mu jardim, koma alowe ali pachingwe, atabayidwa katemera, ndipo mwini wake atole chimene galuyo wasiya pansi. Amene sangakwanitse zimenezi asiye galu wake kunyumba.

Tiyeni tione nkhaniyi pa Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, chifukwa pamalo opanikizika chotere vuto limaonekera msanga. Chilumbachi n'chachitali makilomita atatu okha, ndipo m'mimba mwake mulibe pamene pamapitirira theka la kilomita. Chinali likulu la dziko lino m'nthawi ya Apwitikizi mpaka 1898, pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Mu 1991 bungwe la UNESCO linachilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kumpoto kuli Cidade de Pedra e Cal, tawuni ya nyumba zamiyala ndi laimu, kumene kuli linga la São Sebastião lomwe anayamba kulimanga mu 1558, kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, ndi Palácio de São Paulo, imene inamangidwa ngati sukulu ya ansembe a Chijezwiti mu 1610 ndipo lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kummwera kuli Cidade de Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri a pachilumbapo.

Mu Macuti nyumba n'zothithikana, ndipo zambiri zili m'munsi mwa msewu, m'maenje amene anatsala pokumba miyala yomangira tawuni ya kumpoto ija. Banja la kumeneko lilibe bwalo lalikulu loti mwana athamangepo. Mphepo yabwino, mthunzi ndi benchi zimapezeka m'mabwalo ndi m'minda ya onse. Ndiye mukamva kuti anthu akukangana za galu mu jardim, dziwani kuti akukangana za kachidutswa ka malo kamene aliyense akukafuna nthawi imodzi, m'mawa dzuwa lisanatenthe ndi madzulo litapendeka. Mwini galu sangasankhe masana, chifukwa simenti ndi miyala yotentha zimawaula mapazi a galu. Mayi wa mwana wokwawa naye sangasankhe masana. Onse amakumana pa ola limodzi.

Inu amene mukuwerenga muli ku Tete, ku Ulónguè, ku Moatize, ku Lichinga kapena ku Metangula, musati izi n'za kunyanja yamchere. Tawuni yanu ili ndi bwalo lake, ili ndi agalu ake, ndipo ili ndi Município imene ili ndi mphamvu yolemba malamulo a khalidwe la m'tawuni, aja amatchedwa posturas.

Chifukwa chiyani tisangoletsa agalu?

Alipo ambiri amene angakondwe kuona chikwangwani pakhomo la jardim chonena kuti agalu asalowe. Ndikuwamvetsa. Koma ganizirani chimene chingatsatire. Munthu amene amamanga galu wake pachingwe n'kupita naye koyenda kawirikawiri ndi yemweyo amene amamudyetsa, kumusambitsa ndi kumubayitsa katemera. Chikwangwani chidzathamangitsa ameneyu, chifukwa iye amawerenga ndipo amaopa chindapusa. Galu wongoyendayenda, wopanda mwini wodziwika, sawerenga chikwangwani. Adzalowabe usiku kudzafukula zinyalala, ndipo ndi ameneyo amene ali woopsa kwa mwana wanu. Lamulo lotere limalanga wosamala n'kusiya vuto lenileni pamalo pake.

Chachiwiri, galu amene amakhala womangidwa pamtengo usana ndi usiku, osaona anthu ena, osayenda, amasanduka waukali ndi wamantha. Tsiku limene chingwe chidzaduke, woyamba kukumana naye ndiye adzalire. Galu wozolowera kuyenda pakati pa anthu ali m'manja mwa mwini wake amaphunzira kuti njinga, mwana wothamanga kapena mayi wosenza dengu si adani. Kuyenda ndi galu kumateteza mudzi wonse, bola kuchitike mwadongosolo.

Chachitatu, malo a onse ndi a onse. Nzika imene ili ndi galu imalipira misonkho ya tawuni monga wina aliyense. Tikayamba kuchotsa anthu m'malo a onse chifukwa choti zimene amakonda sizitisangalatsa, mawa tidzachotsa anyamata a mpira, mkuja ogulitsa mtedza, kenaka okalamba osewera bawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma mwini galu amve bwino izi

Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi mwini galu. Mawu amene timawamva kawirikawiri ndi akuti, "Musaope, saluma ameneyu." Inu mukumudziwa galu wanu, koma mwana wa zaka zinayi amene wamuona akubwera mothamanga sakumudziwa. Mwanayo adzathawa, ndipo chibadwa cha galu n'kuthamangitsa chothawa. Agogo oyendera ndodo safunika kulumidwa kuti avulale, kungowadumphira mosewera n'kokwanira kuti agwe pamiyala n'kuthyoka chiuno. Chingwe, chimene pa Chipwitikizi amati trela, chikhale chachifupi, ndipo chigwiridwe ndi munthu wamphamvu zoposa za galuyo. Kutuma kamwana kuti kakayendetse chigalu chachikulu cholondera n'chimodzimodzi kumumasula. Galu amene analumapo kale munthu, kapena amene amauwa aliyense wodutsa, avale chomutseka pakamwa, apo ayi akhale kunyumba.

Lamulo silikhala chete pankhaniyi. Código Civil imene ikugwira ntchito m'dziko lino, pa artigo 502, imaika mlandu wa zimene nyama yawononga pa munthu amene amaigwiritsa ntchito pa zofuna zake, pamene kuwonongekako kwachokera ku ngozi imene nyama yotere imabweretsa. Tanthauzo lake n'losavuta: galu wanu akaluma munthu, ndalama za mankhwala ndi za ulendo wa kuchipatala zingafunidwe kwa inu, ndipo kunena kuti "sindinamutume" sikungakupulumutseni. Ngati mwalumidwa ndinu, dziwani kuti muli ndi poyambira podandaula, kwa mlembi wa bairro, ku polisi kapena ku bwalo la milandu.

Ndiye pali nkhani ya chimbudzi cha galu, imene ambiri amachita nayo manyazi kuitchula. Si fungo lokha ayi. M'chimbudzi cha galu wosamwetsedwa mankhwala a njoka zam'mimba mumakhala mazira a nyongolotsi. Mtundu wina, wotchedwa Toxocara, mazira ake amakhala m'dothi kwa miyezi yambiri ali amoyo. Mwana akasewera m'dothilo n'kuika zala m'kamwa, tizilomboto tingathe kufika kuchiwindi ngakhale m'diso. Mtundu wina umaboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato pamchenga wonyowa, n'kusiya mizere yoyabwa yokhotakhota kuphazi. Pachilumba pamene ana amakulira pamchenga, zimenezi si nthano. Kathumba ka pulasitiki kamene munagulira tomato ndi kokwanira: valani kudzanja, tolani, tembenuzani, mangani, kataye m'bini. Ngati mukuona kuti kutola n'konyozetsa ulemu wanu, dzifunseni amene atole m'malo mwanu ndani. Ndi mayi wosesa wa Município, kapena phazi la mwana wa mnansi wanu.

Chiwewe sichichita nthabwala

Chachikulu pa zonse ndi katemera wa chiwewe, matenda amene pa Chipwitikizi amati raiva. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina loti OMS, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onsewo ndi a mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 ogwidwa ndi matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo mwa anthu khumi olumidwa ndi nyama yoganiziridwa kuti ili ndi chiwewe, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu ali bwinobwino, bala litapola kale, aliyense ataiwala. Zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, palibenso mankhwala. Munthuyo amamwalira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti imfa zimenezi n'zopeweka, ndipo njira yake inadziwika kalekale. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pomubaya katemera mu 1885. N'chifukwa chake pa 28 Seputembala, tsiku limene iye anamwalira, dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Akatswiri amati tikabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, matendawa amasowa podutsira n'kuzimiririka. Choncho galu wanu wobayidwa akuteteza ngakhale banja limene silinawetepo galu. Funsani ku SDAE, ofesi ya boma lanu yoona za ulimi ndi ziweto, kuti katemera adzachitika liti, ndipo sungani kabuku kosonyeza tsiku limene galu anabayidwa. Munthu wolowa mu jardim ndi galu asadabwe wina akamufunsa kabukuko.

Ndipo inu nonse, oweta ndi osaweta, sungani mfundo iyi pamtima. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musathirepo tsabola, dothi kapena ubweya wa galuyo. Musadikire kuti muone ngati bala litupe. Galu wolumayo, ngati akudziwika, musamuphe msangamsanga: mutsekereni ndi kumuyang'anira masiku khumi, chifukwa galu amene anali wopatsira chiwewe pa tsiku lolumalo amadwala kapena kufa m'masiku amenewo. Koma kuyang'anira galuko kusachedwetse ulendo wa kuchipatala.

Mnansi wanu akupita kukapemphera

Pa Ilha de Moçambique anthu ambiri ndi Asilamu, monganso m'madera ambiri a Niassa ndi m'mbali mwa nyanja yamchere kumpoto. M'chiphunzitso cha Shafi'i, chimene chimatsatidwa kwambiri m'gombe la kum'mawa kwa Africa, malovu a galu amadetsa, ndipo chimene chakhudzidwa nawo chiyenera kutsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Taganizirani bambo amene wasamba, wavala mkanjo wake woyera, akudutsa m'bwalo kupita kumzikiti Lachisanu. Galu wanu wamuthamangira mwachikondi n'kumunyambita. Kwa inu n'zoseketsa. Iye ayenera kubwerera kunyumba, ndipo mwina pemphero limupita. Simufunika kukhala wa chipembedzo chake kuti mumvetse kuti mwamulakwira. Chingwe chachifupi ndi kupatuka pang'ono panjira zimathetsa nkhani yonse.

Alendo odzaona malo, ndi anthu ochokera ku Maputo kapena kunja amene agula nyumba zakale n'kuzikonza, amve mfundo imeneyi mwapadera. Ndalama zimene amabweretsa n'zofunika, palibe wokana. Koma anapeza anthu pachilumbapo, ndipo chimene UNESCO inalemba si makoma okha. Ndi tawuni yamoyo yokhala ndi miyambo yake. Kwa eni kulibe mkuwe: mlendo amayamba wafunsa mmene eni mudzi amachitira.

Ulemu umenewu ubwererenso mbali inayo. Kusakonda galu sikupereka chilolezo chomugenda miyala ali pachingwe cha mwini wake, kapena kumwaza nyama yothira poizoni m'tchire la jardim. Poizoni sasankha. Amapha mphaka, nkhuku ndi akhwangwala, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse. Komanso kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe: agalu obayidwa kale amafera limodzi, ndipo malo awo amadzadzidwa ndi ena atsopano osabayidwa.

Si malo onse amene ali ofanana

Pali minda ina imene galu sayenera kulowamo ngakhale ali pachingwe. Pa Ilha pali Jardim da Memória, munda wokumbukira anthu amene anagulitsidwa ukapolo n'kukwezedwa m'zombo kupita kuzilumba za m'nyanja ya Índico ndi kutsidya kwa nyanja zina. Ena mwa iwo anachokera kutali kumtunda, kumadera a Nyanja ya Niassa, kwa makolo a ife olankhula chinenero chino. Malo amenewo ali ngati manda. Palibe munthu wolongosoka amene angapite ndi galu kukasewera pamanda a agogo ake. N'chimodzimodzinso pakhomo la mzikiti, m'bwalo la tchalitchi, ndi pamalo amene anawakonzera ana kuti aziseweramo. Lamulo nambala 10/88, loteteza chuma cha chikhalidwe chathu, limaika udindo wosamala malo otere pa boma ndi pa nzika zomwe. Khoma la miyala ya m'nyanja ndi laimu limene laima zaka mazana anayi siliyenera kukhala pokodzera galu m'mawa uliwonse.

Chimene ndikupempha ndi kusiyanitsa. Município inene momveka kuti muno galu alowe ali pachingwe, umu asalowe konse. Lamulo lomveka ndi losavuta kulitsata, ndipo limachotsa mikangano ya "ndani wakuuzani".

"Tili ndi mavuto aakulu kuposa agalu"

Wina anena kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu okhuta. Pachilumba pamene madzi akumwa ndi ovuta, zimbudzi n'zosakwanira, nyumba zakale zikugwa, ndipo namondwe ngati Gombe wa mu 2022 amasasula madenga, ndani ali ndi nthawi ya chingwe cha galu? Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo sindikunena kuti Município isiye mipope n'kuyamba kuthamangitsa agalu. Koma onani amene amavutika galu akaluma. Wolemera amakwera galimoto, kuwoloka mlatho wa makilomita oposa atatu uja, n'kukapeza katemera kulikonse kumene ali, ngakhale ku Nampula. Msodzi wa mu Macuti ayenera kusiya ntchito, kufunafuna ndalama ya chapa, ndi kubwerera kuchipatala kangapo, chifukwa katemera wa munthu wolumidwa sabayidwa kamodzi. Ena amalekera panjira ndalama zikatha. Dongosolo la agalu limateteza wosauka koposa wina aliyense.

Ndiponso zimene zikufunika sizidya ndalama zambiri. Chikwangwani cholembedwa m'Chipwitikizi ndi m'chinenero cha anthu a pamalopo, Emakhuwa pa Ilha, Chichewa ku Ulónguè, Chiyao ndi Chinyanja ku Lichinga, chokhala ndi chithunzi kuti wosadziwa kuwerenga amve. Mabini awiri kapena atatu amene amakhuthulidwa nthawi yake, chifukwa n'kovuta kuuza munthu kuti atole pamene palibe potaya. Tsiku la katemera lolengezedwa pa wailesi ya m'dera, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ndipo obaya abwere pabwalo lomwelo m'malo moyembekeza kuti anthu akoke agalu mtunda wautali. Chindapusa cholembedwa m'malamulo a tawuni, chokhala ndi risiti, chofanana kwa mlendo ndi kwa mwana wa pamudzi. Chindapusa chopanda risiti chimathera m'thumba la munthu, ndipo chimaphunzitsa anthu kuti lamulo ndi malonda.

Za agalu ongoyendayenda, kumbukirani kuti ambiri mwa iwo ali ndi kwawo. Ndi agalu a pakhomo amene amamasulidwa kuti akadzifunire okha chakudya, kapena tiana tagalu timene tinatayidwa kumsika titachuluka. Chimawakokera mu jardim ndi zotsala za nsomba ndi zakudya zimene ife tomwe timataya pansi. Amene amadya chipisi pabenchi n'kusiya pepala lake pomwepo ali ndi gawo lake pa vutoli, ngakhale alibe galu.

Udindo wanu

Malamulo aakulu a dziko lino, pa artigo 90, amapereka kwa nzika iliyonse ufulu wokhala pamalo abwino, ndipo m'chiganizo chomwecho amaipatsa udindo wowateteza. Ziwirizi sizilekana. Simungafune jardim yaukhondo kwinaku mukuyang'ana kumbali galu wanu akadzithandiza, ndipo simungafune chitetezo cha ana anu kwinaku mukukhala chete pamsonkhano wa bairro.

Ngati muli ndi galu, yang'anani kabuku kake lero. Chaka chikatha chibayireni, pitani ku SDAE musanapite naye ku jardim. Gulani chingwe cholimba, ndipo m'thumba mwanu musasowe kapulasitiki. Ngati mulibe galu, phunzitsani ana anu kuti galu wachilendo akawayandikira aime chilili, manja ali m'mbali, osathawa ndi osakuwa, ndiponso kuti asabise akalumidwa poopa kukalipiridwa. Uzani mwini galu mwaulemu pamene walakwitsa, monga mmene mungauzire m'bale wanu. Ndipo tonse tipite ku Município kukafunsa kuti malamulo a tawuni yathu akuti chiyani za agalu m'malo a onse. Ndi ufulu wanu kuwaona. Ngati salankhulapo kanthu, uzani amene munawasankha kuti akuimireni kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano wawo wotsatira, ndipo mudzabwerenso kudzafunsa kuti anagwirizana zotani.